Mwana Wanga Atenge Makosi a Kukoleji Akadali ku High School?

Funso

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Indiana kuno ku America. Mwana wanga woyamba, wamkazi, akumaliza giredi 10 ndipo kusukulu amupatsa pepala loti asankhe maphunziro a chaka chamawa. Pali ena akuti AP, ena akuti dual credit a ku Ivy Tech. Mnzanga wa kutchalitchi akuti mwana wake anamaliza high school ali kale ndi makirediti 60, ndiye akuti ndimuuze wanga atenge onse amene angathe kuti tidzapulumutse fizi ya zaka ziwiri. Mwanayu amakhoza bwino, amafuna udokotala, komanso Loweruka ndi Lamlungu amagwira ntchito m'sitolo. Ine ndinaphunzira kumudzi, zimene ndimadziwa ndi za MSCE basi. Kodi makosi amenewa ndi aphindu zoona? Atenge ati, ndipo angati?

Mayi wa ku Indiana

Yankho

Mayi, makosi amenewa ndi aphindu ndithu, ndipo mwana wokhoza bwino ngati wanuyu sayenera kumaliza high school osatengako ena. Koma zoti atenge onse amene angathe sindingazivomereze, makamaka poti akufuna udokotala. Pa ntchito yanga yolangiza ophunzira a chaka choyamba kukoleji, ndimakumana ndi ana obwera ndi makirediti ambirimbiri, makolo atawerengera kale ndalama zimene apulumutsa. Tikakhala pansi n'kuyala makireditiwo pa ndondomeko ya digiri imene mwana akufuna, timapeza kuti amene alowadi m'malo mwa makosi ofunika ndi ochepa kuposa mmene banja linkayembekezera. Enawo amangokhala papepala. Kirediti imakhala ya mtengo pokhapokha yunivesite imene mwana wapitako itailandira n'kuiika pamalo pa kosi imene digiri yake ikufuna. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Ndiyambe ndi kawerengedwe kake, poti n'kosiyana ndi kakwathu. Digiri yoyamba kuno imafuna makirediti pafupifupi 120, m'zaka zinayi. Kosi imodzi nthawi zambiri imakhala makirediti atatu, ndipo za masayansi zokhala ndi labu zimafika anayi kapena asanu. Wophunzira amanyamula makirediti ngati 15 pa semesita. Digiri ya zaka ziwiri ya ku makoleji ngati Ivy Tech, imene amaitcha associate, ndi makirediti 60, ndipo n'kutheka kuti mwana wa mnzanuyo ndi imene anapeza. Udokotala kuno nthawi zambiri sulowedwa kuchokera ku sekondale ngati mmene zilili ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre, kumene wa MSCE amayamba ndi chaka chokonzekera cha masayansi n'kupitirira. Kuno mwana amayamba wamaliza digiri yoyamba, kulemba mayeso olowera ku sukulu ya udokotala otchedwa MCAT, kenako n'kufunsira malo ku sukulu ya udokotala, kumene kuli zaka zina zinayi. Zimenezi muzisunge m'mutu, chifukwa zikusintha kwambiri zimene mwana wanu ayenera kusankha lero.

AP ndi ndondomeko ya bungwe la College Board, limene lakhala likuiyendetsa kuyambira m'ma 1950. Mwana amaphunzira kosiyo chaka chonse pasukulu yake yomweyo, ndi mphunzitsi wa pomwepo, kenako mu Meyi amalemba mayeso amodzi ofanana kwa ana onse a m'dziko muno ndi kunja komwe. Zotsatira zimatuluka mu Julayi, kuyambira 1 mpaka 5. Pano musasokonezeke ndi MSCE kumene 1 ndiye pamwamba: ku AP wopeza 5 ndiye wakhoza kwambiri. Mayeso amodzi amalipiritsa pafupifupi madola 100, ndipo mabanja opeza zochepa amawachotserako. Kosiyo payokha sipereka kirediti ya kukoleji. Chopereka kirediti ndi nambala ya mu Julayi ija, ndipo yunivesite iliyonse ili ndi muyezo wake: ina imalandira 3, ina imafuna 4, ina 5.

Dual credit imayenda mwina. Mwana amalembetsedwa ngati wophunzira weniweni wa kolejiyo, ngakhale kalasi ikuchitikira ku high school ndi mphunzitsi amene koleji yamuvomereza. Palibe mayeso amodzi a dziko lonse. Ntchito ya semesita yonse ndi imene imapereka giredi, ndipo giredi imeneyo imalembedwa pawiri: pa transcript (chikalata choonetsa makosi ndi magiredi a mwana) ya ku high school ndi pa transcript ya kukoleji. Makosi a Ivy Tech ophunzitsidwa m'sukulu za sekondale za ku Indiana mwana salipira fizi, n'chifukwa chake makolo ambiri amawakonda. Si ku Indiana kokha. Minnesota inayamba ndondomeko yotere mu 1985, Washington mu 1990, ndipo m'chaka cha sukulu cha 2022 mpaka 2023 ana a sekondale pafupifupi 2.5 miliyoni m'dziko muno ankatenga makosi a kukoleji mwa njira imeneyi.

Tsopano kusiyana kumene kuli kofunika kwa inu ndi uku. Ku AP, chiopsezo chili pa tsiku limodzi. Mwana akhoza kulimbikira chaka chonse, tsiku la mayeso n'kudzuka ndi mutu, n'kupeza 2, kirediti osaiona. Koma 2 ameneyo samutsata. Mwana ndiye amasankha ngati akufuna kutumiza zotsatira za mayeso ku yunivesite, ndipo palibe koleji imene yamulemba m'kaundula wake kuti analephera. Ku dual credit kirediti ndi yosavuta kuipeza, bola mwana apeze C kapena kuposa, koma giredi yake ndi ya muyaya. Imakhala pa transcript ya kolejiyo moyo wake wonse.

Makolo ambiri amati zilibe kanthu, poti mwana akasamukira ku yunivesite ina, chimene chimasamuka ndi kirediti, giredi siilowa mu GPA (avereji ya magiredi onse) ya kumeneko. Nthawi zambiri zimenezo n'zoona. Koma kwa wofuna udokotala nkhani siithera pomwepo. Sukulu zambiri za udokotala zimalandira makalata ofunsira malo kudzera ku ofesi imodzi yotchedwa AMCAS, ndipo AMCAS imafuna transcript ya koleji iliyonse imene munthu analembetsapo, kuphatikizapo makosi amene anatenga ali ku high school. Magiredi onsewo imawaphatikiza n'kuwerengera GPA yakeyake, ndipo za masayansi ndi masamu imaziwerengeranso pazokha. Ndiye C wa Chemistry amene mwana anapeza ali ndi zaka 16, pa semesita imene anali ndi makosi olemera asanu ndi limodzi komanso ntchito ya m'sitolo, adzatulukira ali ndi zaka 21 pamaso pa anthu osankha madokotala a mawa. Kubisa sikutheka, ndipo kuyesa kubisa ndi mlandu woposa C yemweyo. A sukulu za malamulo nawonso amachita chimodzimodzi. Ichi ndi chinthu chimene ana ambiri sauzidwa pamene akusaina pepala lija, ndipo chimandipweteka mtima nthawi iliyonse ndikamachifotokozera mwana zitachitika kale. Mbali yabwino ndi yakuti A naye amatsata mwana chimodzimodzi. Mwana amene watenga makosi ochepa a dual credit n'kuwakhoza onse bwino amalowa ku yunivesite atayala kale maziko a GPA imene AMCAS idzaone.

Tibwere ku funso loti makirediti amenewa adzalandiridwa kuti. Muli ndi mwayi kuti mumakhala ku Indiana, chifukwa malamulo a kumeneko amathandiza. Mayunivesite a boma, monga Purdue, Indiana University, Ball State ndi Ivy Tech yomwe, amayenera kupereka kirediti kwa mwana amene wapeza 3 kapena kuposa pa AP. Palinso mndandanda wotchedwa Core Transfer Library, wa makosi amene mayunivesite a bomawo anagwirizana kuti azilandirana. Ndiye pali Indiana College Core, mtolo wa makirediti 30 a maphunziro a onse: kulemba, kuyankhula pagulu, masamu, sayansi, za chikhalidwe cha anthu ndi zaluso. Mwana akamaliza mtolo wonsewo, umasamuka wathunthu kupita ku yunivesite iliyonse ya boma ku Indiana. Chimenechi ndi chinthu chenicheni, ndipo sukulu zambiri za sekondale zimathandiza ana kuumaliza asanalandire dipuloma.

Komabe mawu akuti "talandira" ali pawiri. Yunivesite ikhoza kulandira 3 wa AP Chemistry n'kumupatsa mwana makirediti, koma n'kuwaika m'gulu la makosi ongosankha, osati m'malo mwa Chemistry imene digiri ya Biology ikufuna. Lamulo limalola zimenezo ngati phunzirolo lili pakati pa digiri ya mwanayo. Mtolo wa makirediti 30 uja nawo suchotsa makosi amene dipatimenti imafuna payokha. Digiri za masayansi, uinjiniya ndi unamwino zili ndi malo ochepa kwambiri a makosi ongosankha, ndipo makosi ake amayenda motsatana: sungatenge Organic Chemistry usanamalize General Chemistry, sungatenge Biochemistry usanamalize Organic. Mzere umenewu uli ndi utali wake, ndipo makirediti 60 a History, Sociology ndi zaluso saufupikitsa ndi semesita imodzi yomwe.

Apa ndi pamene masamu a ndalama amasokonekera. Tengani Purdue, kumene fizi ya mwana wa ku Indiana yakhala pa madola 9,992 pachaka kwa zaka zoposa khumi, osawerengera malo ogona ndi chakudya. Wophunzira wa nthawi zonse kumeneko amalipira mtengo umodzi pa semesita, kaya watenga makosi anayi kaya asanu. Ku Indiana University ya ku Bloomington n'chimodzimodzi. Choncho mwana wolowa ndi makirediti 9 amene adzakhalebe zaka zinayi sanapulumutse dola ngakhale imodzi pa fizi. Ndalama imapulumuka pamene makirediti achotsa semesita yathunthu kapena chaka chathunthu, ndipo pamenepo imakhala yochuluka zedi, chifukwa mwapewa fizi, lendi ndi chakudya zomwe. Muwerenge masemesita amene achoka, osati makirediti amene aunjikidwa. Sindikuti makirediti 9 aja ndi achabe. Amapatsa mwana mpata wopuma: atha kunyamula makosi anayi m'malo mwa asanu pa semesita imene kuli Organic Chemistry, atha kupeza nthawi yogwira ntchito mu labu ya mphunzitsi kapena kuthandiza kuchipatala, ndipo m'mayunivesite ambiri wokhala ndi makirediti ochuluka amalembetsa makosi msanga anzake asanadzaze malo. Kwa wofuna udokotala, mpata umenewu nthawi zambiri umaposa kumaliza msanga.

Mwana akatuluka mu Indiana, kapena akapita ku yunivesite yoyima payokha, malamulo aja samutetezanso. Mayunivesite ambiri ovuta kulowa salandira dual credit imene inaphunzitsidwa m'kalasi ya ku high school, kapena imene mwana anaigwiritsa kale ntchito pokwaniritsa dipuloma yake. AP imayenda mtunda wautali kuposa dual credit, chifukwa mayeso ake ndi amodzi kulikonse ndipo aliyense amadziwa tanthauzo la 5. Ngakhale zili choncho, si onse amene amapereka kirediti. Koleji ya Dartmouth inalengeza mu 2013 kuti ophunzira olowa kuyambira 2014 sadzapatsidwanso makirediti owerengera pa digiri chifukwa cha AP. Malo otere amagwiritsa ntchito AP pongoona kalasi imene mwana ayambire. Ndipo ngati muli ndi maganizo oti mwana adzaphunzire ku Britain, kumene ambiri a ife tili ndi abale, mayunivesite a kumeneko amayang'ana zotsatira za AP posankha ana ochokera ku America, pafupifupi mmene amaonera A Level. Dual credit ya koleji ya ku Indiana ambiri saidziwa bwino.

Pali phindu lina limene silioneka pa makirediti. Anthu osankha ana ku yunivesite amayang'ana ngati mwana anatenga maphunziro olimba amene sukulu yake inali nawo, ndi mmene anakhozera. Sayembekeza kuti atenge onse. Mwana wa makosi olimba anayi amene wakhoza bwino amaoneka bwino kuposa wa makosi asanu ndi atatu amene magiredi ake agwa. Komanso kalasi yolimba imaphunzitsa mwana zinthu zimene adzazifune chaka choyamba: kuwerenga masamba ambiri pa sabata, kulemba lipoti la labu, kupita kwa mphunzitsi kukafunsa asanamire. Ana amene amakhoza mosavutikira ku sekondale ndi amene amadzidzimuka kwambiri ku yunivesite, chifukwa sanaphunzirepo kulimbana ndi phunziro lowakana. Kuli bwino akumane nalo akadali pakhomo panu, inu mukumuona nkhope tsiku ndi tsiku.

Ndiime pang'ono pa nkhani ya kudumpha makosi a maziko, chifukwa apa alangizi timasiyana maganizo ndipo ine ndili ndi mbali yanga. Tinene kuti mwana wanu wapeza 4 pa AP Chemistry ndipo yunivesite yamulola kudumpha General Chemistry. Adumphe? Ine nthawi zambiri ndimati ayi. Chifukwa choyamba, sukulu za udokotala sizigwirizana pa AP: zina zimailandira m'malo mwa Biology, Chemistry kapena Physics, zina zimailandira pokhapokha mwana atawonjezera makosi apamwamba a phunziro lomwelo, ndipo zina zimafuna kuona giredi yeniyeni ya ku yunivesite. Chachiwiri, labu ya ku high school siifanana ndi ya ku yunivesite, ngakhale mphunzitsi akhale waluso chotani. Chachitatu, mwana wa zaka 18 amene wangochoka pakhomo, akuphunzira kudzidzutsa yekha ndi kukhala ndi anthu achilendo, n'kumuponya mu Organic Chemistry semesita yoyamba pamodzi ndi a chaka chachiwiri, ndi katundu wosafunikira. Akabwereza General Chemistry ali ndi maziko a AP, amalowa akudziwa zambiri, amapeza giredi yabwino, ndipo amakhala ndi mphamvu zozolowera moyo watsopano. Ena amati kumeneko n'kutaya nthawi ya mwana wanzeru. Kwa mwana amene wapeza 5 mosavutikira ndipo akulakalaka za patsogolo, ndimavomereza, adumphe. Koma chosankhacho chidzachitike pa nthawi yake, ndi mlangizi wa ku yunivesiteko. AP imasiya khomo limeneli lotseguka. Dual credit ya Chemistry imakhala italemba kale giredi, ndipo sukulu zina za udokotala zimakonda kuona masayansi a maziko atatengedwa ku yunivesite ya zaka zinayi.

Musamve ngati ndikunyoza njira ya mnzanuyo. Kwa ana ena ndi njira yabwino koposa. Bungwe la American Institutes for Research linatsatira kwa zaka zingapo ana amene anafunsira malo m'sukulu za sekondale zotchedwa early college, zimene zimaphunzitsanso makosi a kukoleji, kumene malo ankaperekedwa mwa maere. Amene maere anawagwera analowa kukoleji ndi kumaliza madigiri mochuluka kuposa anzawo amene sanawagwere, ndipo kusiyana kwakukulu kunali pa madigiri a zaka ziwiri. Poti anasankhidwa mwa maere, sitinganene kuti anali anzeru kale kuposa enawo. Koma taonani kuti sukulu zimenezo zimayendetsa mwana pa njira yokonzedwa, makosi osankhidwa kuti afike pena pake, alangizi ali pambali. N'zosiyana ndi kutola kosi iliyonse imene yapezeka chifukwa ndi yaulere. Mwana amene akudziwa kuti adzapita ku yunivesite ya boma ku Indiana kukachita bizinesi, uphunzitsi kapena za makompyuta, ndipo makosi ake anawasankha motsatira digiri imeneyo, akhoza kudula chaka kapena kuposa. Mwana amene kwawo palibe anapitako kukoleji ndipo amakayika ngati angakwanitse, kosi imodzi yokhoza bwino imamutsimikizira kuti malo amenewo ndi akenso. Mufunseni mnzanuyo mafunso awiri: mwana wake akuchita digiri yanji, ndipo pa makirediti 60 aja ndi angati analowa m'digiriyo. Yankho lake likhoza kukhala losangalatsa, koma ndi la mwana wake.

Ndiponso kumaliza digiri m'zaka ziwiri si mphatso kwa wofuna udokotala. Sukulu za udokotala zimafuna kuona zambiri kuposa magiredi: maola othandiza odwala, kutsatira madokotala pa ntchito, kafukufuku, makalata ochokera kwa aphunzitsi amene amamudziwa bwino mwanayo. Zimenezi zimafuna nthawi. Wolowa ngati wa chaka chachitatu ali ndi zaka 18 amayenera kusankha digiri nthawi yomweyo, ndipo akadzasintha maganizo, monga amachitira ana ambiri, mpata wotembenukira umakhala wochepa.

Nkhani ya mapepala ndiyenera kuitchula, chifukwa m'mabanja athu ambiri imasintha masamu onse. Thandizo la fizi la boma la America, limene amafunsira kudzera pa FAFSA, ndi la nzika ndi ena ovomerezeka monga okhala ndi green card. Ngati mwana wanu sali m'gulu limeneli, kirediti iliyonse yaulere imalemera kwambiri, ndipo pamenepo ndingakankhire kwambiri kuti amalize Indiana College Core yonse, mwinanso kuyambira ku Ivy Tech kumene amalipiritsa motsika. Ngati ali m'gululi, dziwani kuti thandizolo limafuna wophunzira azikhala ndi GPA yosachepera 2.0 ndi kumaliza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a makosi amene walembetsa. Kosi ya dual credit imene walephera kapena kuisiya mochedwa imawerengedwa pamenepo akadzapitiriza pa koleji yomweyo. Chinanso, makirediti opezedwa asanalandire dipuloma ya high school nthawi zambiri samuchotsa m'gulu la ofunsira chaka choyamba, kumene kuli masikolashipu ambiri. Koma akadzamaliza high school n'kukhala chaka akutenga makosi ku koleji ya pafupi, mayunivesite ambiri amamuona ngati wosamuka, ndipo masikolashipu ena amamudutsa.

Tsono atenge ati? Akanakhala mwana wanga, ndikanagawa motere. Masayansi ndi masamu apite ku AP. Giredi 11 atenge AP imodzi ya sayansi, Chemistry kapena Biology, malinga ndi imene anaiyamba kale bwino komanso imene ili ndi mphunzitsi amene ana ake amakhoza mayeso a mu Meyi. Inayo idzabwere giredi 12. Masamu apitirize mzere wake osadumpha, kuti adzafike pa AP Calculus kapena AP Statistics asanamalize. Dual credit aisungire maphunziro a onse amene ali mu Core Transfer Library ndipo pafupifupi digiri iliyonse imawafuna: kulemba Chingerezi, imene ku Ivy Tech ndi ENGL 111, kuyankhula pagulu, ndi Psychology, imene idzamuthandizenso poti MCAT ili ndi gawo la Psychology ndi Sociology. History ya America atha kuitenga mbali iliyonse. Zonse pamodzi, makosi a mulingo wa koleji atatu pa nthawi imodzi m'giredi 11 ndi okwanira, anayi ngati chaka chino anatengako imodzi n'kuinyamula bwino. Akamaliza zaka ziwirizi mwa njira imeneyi adzakhala ndi makirediti abwino ndithu, mwinanso mtolo wa 30 uja, popanda kuika GPA yake ya masayansi pa ngozi.

Chiwerengero chimenechi ndachiika dala poganizira ntchito yake ya kumapeto kwa sabata. Kosi ya AP ya sayansi imadya maola angapo pa sabata kunja kwa kalasi, ndipo anzake ambiri maola amenewo amawapeza Loweruka ndi Lamlungu, pamene wanu ali m'sitolo. Ndikudziwanso kuti mwana woyamba wamkazi m'nyumba zathu ali ndi ntchito ina yosalembedwa: kuphika, kuyang'anira azing'ono ake pamene mayi ali pa shifiti ya usiku, kuwathandiza homuweki. Zonsezi muziwerenge moona mtima musanasaine. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ngati banja lingathe, achepetse ntchito ya m'sitolo kukhala tsiku limodzi, makamaka kuyambira Malichi mpaka Meyi. Mwana amene akugona maola asanu usiku uliwonse sakuphunzira, akungopirira, ndipo ana athu ambiri sanena kuti atopa chifukwa amaona mmene makolo akuvutikira. Mufunseni ali yekha, mofatsa, kuti iye akufuna atenge ziti ndipo akuopa ziti.

Musanabweze pepalalo, pemphani kukumana ndi mlangizi wa pasukulupo, mwana ali pomwepo ndipo iye ndiye ayambe kuyankhula. Ndi ufulu wanu, ndipo alangizi amayembekezera makolo otere. Pa kosi iliyonse ya dual credit funsani dzina lake ndi nambala yake ya ku Ivy Tech, ndiponso ngati ili mu Core Transfer Library. Pa AP iliyonse funsani kuti chaka chatha ana angati a m'kalasi imeneyo analemba mayeso ndipo angati anapeza 3 kapena kuposa, chifukwa sukulu imakhala nazo ziwerengerozo, ndipo kalasi imene ana ambiri amapeza A koma mayeso a mu Meyi n'kuwakanika ikukuuzani kanthu. Funsaninso ngati pali thandizo lolipirira mayeso a AP. Kenako mwana alembe mayunivesite atatu kapena anayi amene akuwalingalira, imodzi ya boma ku Indiana ikhalepo, alowe pa intaneti aone tebulo la AP la iliyonse ndi zimene imanena pa dual credit. Pafupifupi yunivesite iliyonse imaika zimenezi poyera. Ntchito ya madzulo amodzi imeneyi ndi imene idzakuonetseni mtengo weniweni wa kosi iliyonse.

Funso limodzi musaliiwale: tsiku lomaliza losiya kosi ya dual credit ndi liti. Makoleji amakhala ndi masiku awiri. Loyamba limabwera msanga, ndipo wosiya lisanafike kosiyo siioneka n'komwe pa transcript. Lachiwiri limabwera mochedwerapo, ndipo wosiya lisanafike amalembedwa W, kusonyeza kuti anasiya kosiyo, imene siilowa mu GPA. Likadutsa limenelo, giredi iliyonse imene wapeza ndi yake. Masiku amenewa ndi a koleji, sayendera kalendala ya high school, ndipo ana ambiri amawadziwa atadutsa. Muwalembe pakhoma la kukhitchini. Mayeso oyamba akabwera oipa, musadikire lipoti la kumapeto kwa semesita. W mmodzi ndi wopepuka kuposa D.

Poti muli ndi ana ena awiri kumbuyo, funsaninso za 21st Century Scholars, ndondomeko ya boma la Indiana imene imalipira fizi mpaka zaka zinayi ku mayunivesite a boma kwa ana a mabanja opeza zochepa. Kulowamo kumachitika mwana ali giredi 7 kapena 8, choncho onetsetsani ngati azing'onowo ali oyenera ndipo maina awo alimo nthawi isanathe.

Pa kosi iliyonse ya dual credit, mwana asunge silabasi yake mu kompyuta, pamodzi ndi malipoti a labu ngati alipo, chifukwa yunivesite ya kunja kwa Indiana ikhoza kudzawapempha isanagamule zolandira kirediti. Ndipo akadzamaliza giredi 12, makirediti sadzasamuka okha. Transcript ya ku high school siikwanira: ayenera kupempha Ivy Tech itumize transcript yake ku yunivesite imene wasankha, ndi College Board itumize zotsatira za AP, zonsezi zifike asanakumane ndi mlangizi wosankha naye makosi a semesita yoyamba.